Kodi Aluya ndani? Mbiri yochokera ku Zanzibar kufika ku Silverest

SILVEREST, Chongwe – Anthu okhala ku Silverest, m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, anazolowera kuona ndege zikutera ndi kunyamuka pa bwalo la Kenneth Kaunda, lomwe lili m'boma lomweli la Chongwe. Zina mwa ndegezi zimachokera kumaiko a Aluya. Kampani ya Emirates inayamba maulendo a pakati pa Dubai ndi Lusaka mu Febuluwale 2012, ndipo ya Qatar Airways inatsatira mu Ogasiti 2021 kuchokera ku Doha.

Ndegezi zimanyamula amalonda okapikula mafoni, zovala ndi zipangizo za galimoto, komanso eni chuma obwera kudzafuna malonda m'dziko la Zambia. Mu 2024 kampani ya International Resources Holding ya ku Abu Dhabi inatenga magawo 51 pa 100 alionse a migodi ya mkuwa ya Mopani ku Kitwe ndi Mufulira, pa mgwirizano wa ndalama zokwana madola 1.1 biliyoni a ku America.

Ngakhale zili choncho, dzina loti Aluya, kapena kuti Aarabu, limakumbutsa anthu ambiri chinthu chimodzi chokha chimene anaphunzira kusukulu: malonda a akapolo. Pamsewu napo, munthu aliyense wovala mkanjo woyera ndi kachisoti amatchedwa Mluya kapena Mmwenye, ngakhale ali Myawo wobadwira ku Chipata. Pamene ubale wa Zambia ndi maiko a Aluya ukukula, kusokoneza maina kotereku kumabisa zinthu ziwiri: kuti Aluya ndani kwenikweni, ndi kuti anasiya chiyani m'chigawo chino cha Africa.

Mluya, Msilamu, Mswahili ndi Mmwenye

Chimene chimapanga munthu kukhala Mluya si khungu ndiponso si chipembedzo, koma makamaka chilankhulo cha Chiarabu ndi chikhalidwe chimene chimayenda nacho. Kwawo kwenikweni kwa chilankhulochi ndi chigawo cha Arabia, komwe lero kuli maiko monga Saudi Arabia, Yemen, Oman, Qatar ndi United Arab Emirates. Chisilamu chitayamba m'zaka za m'ma 600, Chiarabu chinafalikira ku Iraq, Syria ndi kumpoto konse kwa Africa, ndipo mitundu yambiri inachitenga kukhala chilankhulo chawo cha pakhomo.

Bungwe la maiko a Aluya, lomwe linakhazikitsidwa ku Cairo mu 1945, lili ndi mamembala 22. Mwa amenewa, 10 ali mu Africa: Algeria, Comoros, Djibouti, Egypt, Libya, Mauritania, Morocco, Somalia, Sudan ndi Tunisia. Dziko la Egypt lokha lili ndi anthu oposa 100 miliyoni. Izi zikutanthauza kuti olankhula Chiarabu ambiri amakhala mu Africa momwemuno, ndipo ambiri a iwo, monga a ku Sudan, ndi akuda.

Msilamu ndi munthu wotsatira chipembedzo cha Chisilamu, kaya ndi wa mtundu wanji. Pa Asilamu asanu alionse padziko lapansi, pafupifupi mmodzi yekha ndiye Mluya. Maiko okhala ndi Asilamu ochuluka zedi, monga Indonesia, Pakistan, India ndi Bangladesh, si a Aluya. Iran ndi Turkey nawonso si a Aluya, pakuti ali ndi zilankhulo zawozawo. Komanso si Aluya onse amene ali Asilamu. Ku Lebanon, Syria, Palestine, Jordan ndi Egypt kuli Akhristu olankhula Chiarabu amene mipingo yawo ndi yakale kuposa Chisilamu, ndipo popemphera nawonso amatchula Mulungu kuti Allah.

Aswahili ndi anthu a m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Kenya, Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Iwo ndi Aafirika, ndipo chilankhulo chawo ndi chachibale cha Chinyanja, ngakhale chinabwereka mawu ambiri ku Chiarabu. Kwa zaka mazana ambiri anakwatirana ndi amalonda ochokera ku Arabia ndi Persia, nalandira Chisilamu.

Dzina loti Amwenye lili ndi mbiri yakeyake. Akatswiri a mbiri amati linachokera ku mawu a Chiswahili otanthauza mwini kapena bwana, ndipo poyamba linkanena amalonda a Chisilamu ochokera kunyanja ya mchere amene ankakwera mtsinje wa Zambezi. Pambuyo pake linasamukira kwa anthu ochokera ku India, amene anayamba kutsegula masitolo ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Ambiri a iwo anachokera ku Gujarat, ena Asilamu, ena Ahindu, koma sanali Aluya.

Mphepo imene inabweretsa zombo

Ubale wa Arabia ndi Africa ya kum'mawa unayamba ndi mphepo. Kuyambira cha mu Novembala kufika mu Malichi, mphepo ya pa nyanja ya India imaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, ndipo inkakankha zombo zamatanga kuchokera ku Oman, Yemen ndi India kupita kumadoko a Africa. Kuyambira cha mu Epulo mphepoyo imatembenuka, ndipo zombozo zinkabwerera kwawo. Amalinyero ankadikira miyezi ingapo kuti mphepo isinthe, ndipo m'kudikiramo munabadwa maukwati, midzi ndi chikhalidwe chatsopano.

Mlembi wa ku Baghdad, al-Masudi, anayenda pa nyanjayi cha m'chaka cha 916 ndipo analemba za dziko la Sofala, ku Mozambique ya lero, komwe kunkachokera golide. Mu 1331 Ibn Battuta wa ku Morocco anafika pa chilumba cha Kilwa, napeza mzinda wolemera wolamulidwa ndi mfumu ya Chisilamu.

Katundu wa malondawa anafika mpaka m'kati mwa Zambia. Mu 1960, anthu okumba maziko a thanki ya madzi pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anapeza manda a anthu oikidwa ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa, zidutswa za nsalu ndi mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya India. Mandawo ndi a zaka pafupifupi 500 zapitazo. Pa nthawiyo katundu ankadutsa m'manja ambiri, mudzi ndi mudzi, ndipo anthu a m'chigwa cha Zambezi ankavala mikanda yochokera kwa anthu amene mwina sanawaonepo ndi maso.

Zanzibar, minyanga ndi magoli

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1800. Aluya a ku Oman, amene anathamangitsa Apwitikizi ku Mombasa mu 1698, anakhala olamulira a madoko a kum'mawa kwa Africa. Cha m'ma 1840 mfumu yawo, Seyyid Said, inasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kupita ku Zanzibar. Minda ya zonunkhira pa zilumba za Zanzibar ndi Pemba inkafuna antchito ambiri, ndipo ku Ulaya, America ndi India kunali msika waukulu wa minyanga ya njovu yopangira zipeso, zibangili ndi makiyi a piyano. Amalonda anasiya kudikira pa doko, nayamba kulowa okha m'kati mwa dziko ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Ngongole zoyendetsera maulendowa zinkachokera makamaka kwa amalonda a ku India okhala ku Zanzibar.

M'zaka zomwezo Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, nayamba mzere wa olamulira otchedwa Jumbe. Nkhotakota inakhala doko lalikulu lowolokera. Njira ina inkachokera kumeneko kudzera kwa Mwase ku Kasungu, n'kuoloka chigwa cha Luangwa kupita kwa Abisa, kwa Mwata Kazembe ku Luapula, mpaka ku Katanga komwe kunkachokera mkuwa. Pobwerera, anthu ogwidwa ankayenda atamangidwa m'magoli, n'kuolotsedwa nyanja pa zombo, kenako n'kuyendanso pansi mpaka ku Kilwa. Ambiri ankafera m'njira.

David Livingstone, amene anafika ku Nkhotakota mu 1861 ndi kubwererako mu 1863, analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera m'chigawo cha nyanjayi ankadutsa pa doko la Zanzibar chaka chilichonse.

Kumpoto kwa Zambia dzina lodziwika ndi la Hamad bin Muhammad al-Murjebi, wotchedwa Tippu Tip, dzina limene amati linachokera ku kulira kwa mfuti zake. Mu 1867 iye anagonjetsa mfumu Nsama ya Atabwa, pakati pa nyanja za Mweru ndi Tanganyika, natenga minyanga yambiri. Ku Ndola, mtengo wa mupapa wotchedwa Slave Tree unasungidwa monga chikumbutso cha malo amene amalonda a Chiswahili ankakumanirana ndi kugulitsirapo anthu. Ufumu wa Chiwala, pafupi ndi mzindawo, unachokera kwa amalonda omwewa.

Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zina zoposa 20. Mlozi, amene anamanga malinga ku Karonga, anagonjetsedwa ndi asilikali a Britain ndipo anapachikidwa mu Disembala 1895. Mwezi womwewo linga la Mwase Kasungu linagwa. Jumbe wotsiriza anali atachotsedwa kale pampando ndi kutumizidwa ku Zanzibar.

Kodi onsewa anali Aluya?

Azungu oyendera malo ndi amishoni ankatchula aliyense wovala mkanjo ndi kupemphera Chisilamu kuti Mluya, ndipo mabuku a sukulu anatengera zomwezo. Zoona zake n'zakuti Aluya obadwira ku Arabia anali ochepa m'magulu amenewa. Ambiri anali Aswahili, ena Anyamwezi a ku Tanzania, ena Ayawo. Tippu Tip mwiniwake anabadwira ku Zanzibar, ndipo makolo ake ena anali a ku Oman, ena Aafirika.

Kunena izi sikuchepetsa mlandu wa mafumu ndi eni minda a Chiluya a ku Zanzibar, amene analemera ndi thukuta la anthu ogulidwa. Koma malondawa sakanayenda popanda mafumu ena a kuno amene ankagulitsa anansi awo posinthana ndi mfuti ndi nsalu, ndiponso popanda ogula minyanga a ku Ulaya ndi America.

Dera la Chongwe, lomwe ndi dziko la Asoli pansi pa mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, likuonetsa bwino mfundoyi. Silinali pa njira zikuluzikulu za amalonda a ku Zanzibar. Amene ankasautsa anthu a m'chigwa cha Zambezi ndi kumunsi kwa Luangwa anali makamaka Achikunda, asilikali a eni minda a Chipwitikizi, ochokera ku Zumbo ndi Feira, komwe lero ndi boma la Luangwa. Atsogoleri awo monga Kanyemba ndi Matakenya anali ndi maina a Chipwitikizi ndipo sanali Asilamu. Choncho munthu wa ku Chongwe wofufuza za makolo ake ogwidwa ukapolo adzapeza kuti njira yake yaloza ku Tete kawirikawiri kuposa ku Zanzibar.

Ngakhale Chisilamu chenichenicho sichinafalitsidwe kwenikweni ndi Aluya a ku Oman. Ambiri a iwo ndi a gulu la Ibadi, pamene Asilamu ochuluka a ku Malawi ndi Zambia ndi a Sunni, monga Aswahili. Chipembedzochi chinakhazikika pakati pa Ayawo kuyambira cha m'ma 1870, mafumu monga Makanjira atachilandira, ndipo aphunzitsi ake anali Aswahili ndi Ayawo anzawo. Ku Zambia chinakula ndi zidzukulu za Aswahili, Ayawo obwera kudzagwira ntchito, amalonda a ku Gujarat, ndipo pambuyo pake Asomali ndi anthu a ku West Africa.

Zimene zinatsala m'kamwa ndi m'mbale

Akuluakulu amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka alendo a ku Zanzibar kanatema anthu ambiri, koma alendowo anasiyanso zinthu zimene eni dziko anazitenga kukhala zawo. Ku Nkhotakota a Jumbe analimbikitsa ulimi wa mpunga, ndipo mpaka lero bomalo limadziwika ndi mbewuyi. Luso lokhoma zombo zamatanga pa nyanja ya Malawi linachokeranso kwa iwo.

Umboni wosavuta kuupeza uli m'chilankhulo. Mawu angapo a Chinyanja anachokera ku Chiarabu kudzera m'Chiswahili. Mzikiti ndi masjid, kutanthauza malo ogwadira. Shehe ndi shaykh, munthu wamkulu kapena wophunzira. Sadaka, imene m'madera ambiri ndi phwando lokumbukira womwalira, ndi sadaqa, mphatso yoperekedwa mwachifundo. Majini ndi jinn. Hema anachokera ku khayma, ndipo lubani ndi luban, utomoni wonunkhira wa mitengo ya ku Oman, Yemen ndi Somalia. Mawu awiri otsirizawa analowa mpaka m'Baibulo la Chinyanja, kotero Mkhristu wowerenga za chihema kapena za mphatso za anzeru a kum'mawa amatchula Chiarabu osadziwa. Akatswiri ambiri a zilankhulo amatinso mawu oti ndalama anachokera ku dirham, khobidi lasiliva la Aluya, dzina limene mpaka lero ndi la ndalama ya ku United Arab Emirates ndi Morocco.

Mawu ena anazungulira njira yaitali, kudzera ku Ulaya. Shuga anachokera ku sukkar ndipo khofi ku qahwa. Ophunzira a pa sukulu ya ukachenjede ya University of Lusaka, yomwe ili ndi nthambi ku Silverest, akamawerenga masamu a aljebura amatchula mawu oti al-jabr, ochokera pa mutu wa buku la al-Khwarizmi, katswiri amene analemba m'Chiarabu ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Manambala olembedwa pa ndalama ya kwacha anayambira ku India, koma anafika ku Ulaya kudzera m'mabuku a Chiarabu.

Luso la mawu ndi la cholembera

Pa maluso onse, Aluya amanyadira kwambiri mawu. Chisilamu chisanayambe, alakatuli a m'chipululu ankaloweza ndakatulo zazitali zotamanda fuko lawo, ngamila, mvula ndi okondedwa awo, ndipo mlakatuli ankakhala mneneri wa fuko lake monga momwe otamanda mafumu amachitira kuno.

Chiarabu chili ndi zilembo 28 ndipo chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Popeza m'mizikiti simujambulidwa zithunzi za anthu kapena nyama, zilembo zomwezo zinasanduka zokongoletsa makoma, zitseko ndi mabuku. Mu 2021 bungwe la UNESCO linaika luso lolemba Chiarabu mokongoletsa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, mndandanda womwewo umene uli ndi Gule Wamkulu wa Achewa ndi Makishi a kumpoto chakumadzulo kwa Zambia. Chiarabu chinakhala chimodzi mwa zilankhulo zogwirira ntchito za bungwe la United Nations pa 18 Disembala 1973, ndipo tsikuli limakumbukiridwa chaka ndi chaka.

Zilembo zimenezi zinalembanso zilankhulo za mu Africa. Aswahili anazigwiritsa ntchito kwa zaka mazana Azungu asanabweretse zawo, ndipo mafumu ena a Chiyawo ankasunga alembi olemba makalata m'zilembo za Chiarabu. Tippu Tip, amene anamwalira ku Zanzibar mu 1905, analemba mbiri ya moyo wake m'Chiswahili cha zilembo zomwezi, ndipo bukulo ndi limodzi mwa maumboni akale olembedwa onena za kumpoto kwa Zambia.

Pa nyimbo, kukumana kwa Arabia ndi Africa kunabala taarab ya ku Zanzibar, yoimbidwa ndi zipangizo monga oud, yomwe ndi yofanana ndi gitala wamimba yaikulu. Siti binti Saad, mayi wochokera m'banja losauka, anajambula nyimbozi m'Chiswahili ku Bombay mu 1928. Pakati pa Ayawo, mwambo wa Chisilamu wotchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza, wotchedwa dhikr, unasanduka sikiri, woimbidwa ndi mawu ndi mpweya popanda ng'oma. Pa zolembalemba, Naguib Mahfouz wa ku Egypt analandira mphotho ya Nobel mu 1988, woyamba mwa olemba m'Chiarabu.

Maina a misewu ya mu Lusaka

Pali gawo lina la mbiriyi limene limaiwalika. Pa nthawi yomenyera ufulu, maiko a Aluya a kumpoto kwa Africa anali abwenzi a omenyera ufulu a kumwera. Dziko la Egypt, pansi pa Gamal Abdel Nasser, linapereka malo ku Cairo kwa zipani zolimbana ndi atsamunda, ndipo a Reuben Kamanga, amene anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri woyamba wa Zambia, anakhala mumzindawo kuyambira 1960 mpaka 1962. M'zaka za m'ma 1960 wailesi ya Cairo inkaulutsa mawu m'zilankhulo za mu Africa, kuphatikizapo Chiswahili ndi Chinyanja. Dziko la Algeria, litalandira ufulu mu 1962, linaphunzitsa asilikali a zipani za ku Mozambique, Angola ndi South Africa. N'chifukwa chake mu Lusaka muli msewu wa Nasser ndi wa Ben Bella, mtsogoleri woyamba wa Algeria.

Motero dzina limodzi loti Aluya lanyamula mwini munda wa ku Zanzibar wogula akapolo, katswiri wa zilembo wa ku Baghdad, mtsogoleri wa ku Cairo wothandiza omenyera ufulu, ndi mwini kampani wa ku Abu Dhabi wogula mgodi. Aliyense wa iwo ali ndi mbiri yake, ndipo mnansi wa Chisilamu wa ku Silverest kapena ku Chipata kawirikawiri si mdzukulu wa aliyense wa iwo.

Chimene sichinasinthe ndi katundu wofunidwa. Mkuwa umene unkasenzedwa pamutu kuchoka ku Katanga kupita ku Kilwa ndi womwewo umene ukukopa eni chuma a ku Arabia lero. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mgwirizano umasainidwa ndi boma losankhidwa ndi anthu, ndipo anthuwo ali ndi ufulu wofunsa za mtengo wake, za ntchito za ana awo ndi za phindu limene lidzatsale m'dziko. Midzi ya m'chigwa cha Luangwa inalibe mwayi wofunsa mafunso amenewa pamene amalonda oyamba anafika ndi nsalu ndi mfuti.